Ndikufuna kutsegula imelo yatsopano ndekha, ndiyambire pati?

Kambalame_23
Moni nonse pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Imelo imene ndakhala ndikugwiritsa ntchito ananditsegulira munthu wina tsiku lomwe ndinapeza foni yanga yoyamba ya Android, iye ndi amene analemba zonse, pasiwedi anapanga yekha, nambala ya foni anaikanso yake. Pano foni ija yafa ndatenga ina, nde polowa ikufuna pasiwedi, ndikadina kuti ndaiwala khodi ikupita ku nambala ya munthu uja ndipo sindikudziwa komwe ali masiku ano. Ndaganiza zongotsegula yatsopano koma ulendo uno ndi manja anga. Mafunso anga, yabwino ndi iti pakati pa Gmail, Outlook, Yahoo ndi zinazi? Komanso dzina lililonse lomwe ndikuyesa akuti linatengedwa kale, nditani? Nanga nambala ya foni ndi yokakamiza kuika? Ndikufuna imelo yofunsira ntchito ndi kulembetsera maphunziro osati yamasewera.

Gologolo
Gmail basi, musavutike ndi kusankha. Foni yanu ndi ya Android, popanda akaunti ya Google olo ku Play Store simutsitsako kanthu.

NaMaluwa
Dikirani kaye achimwene kaya ndinu achemwali, musanathamangire yatsopano. Mu yakale ija muli chani? Chifukwa nthawi zambiri manambala a anthu amakhala asungidwa mmenemo, zithunzi, bakapu ya WhatsApp, ndipo ngati Facebook munatsegulira imelo yomweyo nde tsiku lomwe mudzaiwale pasiwedi ya Facebook uthenga wokonzera udzapita komweko. Yesani kaye tsamba lobwezera akaunti, pamene akufunsa khodi paja pansi pake pamakhala polembedwa Try another way, dinani pamenepo muone ngati akupatseni njira ina.

Kambalame_23
Ndine chemwali wanu. Ndayesa zimenezo, akundifunsa pasiwedi yomaliza yomwe ndikuikumbukira, chonsecho ine sindinaionepo chiyambire. Manambala ambiri anali pa simu khadi nde ndawapeza, zithunzi ndi zomwe zikundiwawa.

Mlonda_wa_Usiku
Tisakunamizeni achemwali, popanda pasiwedi komanso popanda nambala mwayi ndi wochepa. Makina aja alibe njira yodziwira kuti mwini wake ndinu, kwa iwo mwini ndi amene khodi ikumufikira. Koma mwati foni yafa, yafa bwanji? Ngati ndi sikirini kapena batire, ikakonzedwa akaunti ija mukaipeza ikadali yotsegula mmenemo ndipo mutha kukopera zithunzi zanu zonse. Chokhacho muuzeni wokonzayo kuti asaifomate. Akangoifomata, poyatsa idzafuna imelo ndi pasiwedi ya akaunti yomwe inalimo, chitetezo chimenecho chinabwera ndi Android 5.1, nde mudzakhala mwataya zonse ziwiri, foni ndi zithunzi. China, poti mwalemba nkhaniyi poyera kubwera anthu kumbali onena kuti amabweza ma akaunti mukawalipira. Musawayankhe, ndi akuba.

MphunzitsiWakale
Achemwali, mwaganiza bwino kutsegula nokha. Kutsegula kwenikweniko si ntchito yaikulu. Pafonipo pitani ku Settings, pezani pa Accounts, mafoni ena amalemba Passwords and accounts, dinani Add account, sankhani Google, kenako mmalo molemba imelo yang'anani pansi pomwe palembedwa Create account. Akufunsani dzina, tsiku lobadwa, kenako adiresi yomwe mukufuna ndi pasiwedi. Pa dzina lembani lenileni lomwe lili pa ziphaso ndi ma setifiketi anu, chifukwa limenelo ndi lomwe wolandira kalata amayamba kuliona asanaone adiresi. Tsiku lobadwa nalonso likhale loona. Ambiri amangodina chaka chilichonse kuti adutse msanga, chikagwera pa zaka zosakwana 13 makina amamutenga munthu ngati mwana n'kuyamba kufuna kholo, ndipo maiko ena malire ake ndi okwererapo kuposa pamenepo.

Koma chimene ndikufuna mugwire ndi ichi, ntchito imayamba akaunti ikatseguka. Musaike foni pansi muli zatha. Tsegulani Gmail, dinani kachithunzi kozungulira kakumwamba kumanja, lowani pa Manage your Google Account, pitani pa Security. Mmenemo muli malo awiri, Recovery phone ndi Recovery email. Pa foni ikani nambala yolembetsedwa mdzina lanu, yomwe mumayenda nayo tsiku lililonse, osati ya amuna anu, osati ya kuntchito, osati ya mnzanu. Pa imelo yachiwiri, ine ndimalangiza kutsegula inanso ku kampani ina monga Outlook, kuti iyi ikatsekeka inayo ikutsegulireni, inayo ikatsekeka iyi ikutsegulireni. Zili ngati kiyi wapadera wa nyumba, mumamusunga pomwe inuyo mungamufikire osati kumusiya mthumba mwa mmisiri amene anakuikirani loko.

Ndikulimbikira zimenezi chifukwa imelo masiku ano anthu sitilemberanapo makalata kwambiri, koma china chilichonse chimene mumatsegula pa intaneti chimatsamira pa iyo. Facebook, ma apu a ndalama, mafomu a sukulu, zonsezo mukaiwala pasiwedi amati takutumizirani linki ku imelo yanu. Amene wagwira imelo yanu atha kusintha mapasiwedi a zinazo chimodzichimodzi inu muli mtulo.

Kadzidzi
Aphunzitsi zambiri mwanena bwino koma pa nambala ine ndikana. Bwanji tizipereka chilichonse ku kampani imodzi? Dzina lenileni, tsiku lobadwa, nambala, komwe ukuyenda, zomwe ukusaka, makanema omwe ukuonera pa YouTube, zonse pamalo amodzi, ndipo kampaniyo ndalama zake zambiri imapeza pa malonda otsatsa. Ine ndimagwiritsa Proton Mail, ili ku Switzerland, inayamba 2014 ndipo oyambitsa ake anakumana ku CERN, malo ofufuzira za sayansi. Makalata amasungidwa obisika moti eni kampaniwo sangawawerenge, komanso utha kutsegula osaika nambala ya foni. Anthu adziwe kuti njira zilipo zambiri, si Gmail yokha ayi.

Gologolo
Munthu akufuna kufunsira ntchito inu mukumuuza za Switzerland. Nanga foni yakeyo ayiyatsa ndi Proton?

Mlonda_wa_Usiku
A Kadzidzi sakunama koma asiya mbali ina. Kubisika kuja kumagwira kwathunthu ngati nonse awiri muli pa Proton. Mukatumiza kalata wamba kwa munthu wa Gmail kapena kwa bwana wolemba ntchito, ikafika uko ikakhala ngati kalata ina iliyonse. Chachiwiri, malo aulere ndi ochepa, 1 GB, pamene Google imapereka 15 GB. Chachitatu nde chachikulu kwa achemwali athuwa, poti kampaniyo siitha kuwerenga makalata anu, siithanso kukubwezerani mukataya zonse. Amakupatsani mawu 12 oti musunge, mukaiwala pasiwedi mawuwonso mulibe, mwina akaunti mudzalowamo koma makalata akale adzakhala osawerengeka. Kwa munthu wodziwa kusunga zinthu ndi yabwino zedi. Kwa munthu amene akutsegula yekha koyamba ine ndingati ayambe ndi yomwe foni yake ikufuna kale, Proton adzaonjezere patsogolo ngati yachiwiri.

Kadzidzi
Za mawu 12 ndi zoona ndipo ine anga ndinalemba papepala. Koma mfundo yanga ikadalipo, kufewa kwa chinthu kusatichititse kuiwala kuti tikulipira ndi mbiri yathu. Olo atsegule Gmail yomweyo alowe pa Data and privacy azimitse zosunga mbiri ya malo omwe wayenda ndi malonda otsata munthu. Ambiri sadziwa n'komwe kuti mabatani amenewo alipo.

Nyenyezi_yaMmawa
Funso la nambala silinayankhidwe bwinobwino. Pali nambala ziwiri zimene anthu amasokoneza. Ina amakufunsa potsegula kuti atsimikize kuti ndiwe munthu osati makina otsegula ma akaunti ambirimbiri, pena pamakhala batani la Skip pena palibe, zimatengera foni ndi netiweki yomwe ukugwiritsa. Nambala imodzi ili ndi malire a ma akaunti omwe ingatsimikizire, nchifukwa chake anthu otsegulira anzawo ambiri amafika pokanidwa. Inayo ndi yobwezera akaunti yomwe anena aphunzitsi ija, imeneyo sakakamiza koma ndi imene mudzaifune tsiku la mavuto. Nde olo pakhale Skip koyambako, bwererani ku Security mukaike.

Tsokonombwe
Mwandikumbutsa kale ndi nkhani yosankhayi. Ine yanga ndi ya Hotmail mpaka lero ndipo ana anga amadabwa akaiona. Hotmail inayamba 1996, Microsoft anaigula 1997, pano anaisandutsa Outlook koma adiresi yakale ija ikugwirabe ntchito, makalata akufika bwinobwino. Nthawi imeneyo malo anali 2 MB yokha, munthu akakutumizira zithunzi ziwiri bokosi ladzadza, umayenera kumafufuta makalata pafupipafupi kuti ena alowe. Nde ndikamva achinyamata akudandaula kuti 15 GB yachepa ndimangoti dziko lasintha. Outlook musaidelere, kwa ofuna ya ntchito ndi yaulemu ndithu, ndipo maina abwino amapezekako mosavuta kusiyana ndi ku Gmail komwe aliyense anathamangira.

MphunzitsiWakale
Zoona akulu. Gmail inatuluka pa 1 April 2004 ndi malo a 1 GB, anthu ambiri anayesa bodza la tsikulo poti ena onse ankapereka timalo tochepa ngati mwanenamo. Ndipo sumangotsegula ayi, umadikira wina amene ali nayo kale akuitane, anadzatsegulira aliyense mu 2007. Tangoganizani zaka zonsezo anthu a dziko lonse akusankha maina, ndi chifukwa chake dzina ndi dzina la bambo lokha kulipeza lili lopanda mwini nkovuta.

Chiphaliwali
Nanga Yahoo bwanji simukuitchula? Ine ndili nayo ndipo sinandivutepo.

Mlonda_wa_Usiku
Ikugwira ntchito inde. Anthu amaikayikira chifukwa cha zomwe zinachitika 2013, mahaka anaba zinsinsi za ma akaunti, nkhani inadzaululika 2016, kenako 2017 kampaniyo inavomera kuti ma akaunti onse 3 biliyoni anakhudzidwa. Ngati yanu ndi yakale choncho ndipo pasiwedi simunasinthepo, sinthani lero. Koma phunziro lake si lakuti kampani iyi njoipa iyo njabwino, kubedwa kwa mtundu umenewu kwagwera makampani ambiri. Vuto limakula pamene pasiwedi imodzi mukuigwiritsa paliponse, akaiba uku amakaiyesa ku imelo, ku Facebook, ku banki. Pali tsamba lotchedwa Have I Been Pwned, analiyambitsa Troy Hunt mu 2013, mumalembapo adiresi yanu yokha n'kukuuzani ngati inapezekapo pa zinthu zobedwa. Pasiwedi simulemba pamenepo, adiresi yokha.

Kambalame_23
Akuluakulu zikomo koma tabwererani kuno, ndaima pa dzina. Foni yakale ndikaionetsa kwa okonza ndipo ndamva za kusafomata. Pano ndalemba dzina langa ndi la bambo akuti latengedwa, akundipatsa lina lokhala ndi manambala asanu kumapeto osamveka.

Chiphaliwali
Ikani kadontho pakati pa maina awiriwo lidutsa. Kapena yambani ndi chilembo chachikulu.

Nyenyezi_yaMmawa
Ayi achimwene, ku Gmail zimenezo sizigwira. Timadontho sationa n'komwe, dzina.lanu ndi dzinalanu komanso d.z.i.n.a.lanu kwa iwo ndi adiresi imodzi ya munthu mmodzi. Zilembo zazikulu ndi zazing'ono pa adiresi sizisiyanitsanso kanthu, zimasiyana pa pasiwedi pokha. Lamulo lawo ndi lakuti dzina likhale la zilembo 6 mpaka 30, zololedwa ndi zilembo, manambala ndi timadontho basi, kamzere kapansi kaja salola. Ku Outlook nde kadontho kamasiyanitsa ndipo kamzere amalola. Chinanso, munthu akafufuta akaunti yake ya Gmail dzina lija salipereka kwa wina, limangofera pomwepo, nde musadikire kuti mwina lidzamasuka. Kanthu kena kothandiza mukatsegula, mutha kuonjezera + ndi mawu ena kumapeto kwa dzina lanu, monga dzinalanu+ntchito, makalata amafikabe kwa inu ndipo mumadziwa kuti adiresiyo munaipereka kuti. Mawebusayiti ena okha ndi amene amakana chizindikirocho.

Chiphaliwali
Nanga bwanji mlongo wanga amalandira makalata a munthu wina wa dzina ngati lake koma lopanda kadontho? Si umboni umenewo woti ndi ma akaunti awiri?

Nyenyezi_yaMmawa
Ndi umboni wa zomwe ndanenazo. Winayo adiresi yake yeniyeni ili ndi kena kake, mwina nambala kumapeto kapena chilembo chapakati, nde polemba pa mafomu amaiwala kapena omulembera amadumpha, kalata n'kugwera kwa alongo anu poti dzina lopanda nambalalo ndi lawo, likhale ndi kadontho kapena ayi. Akaunti yawo palibe akuigawana nawo, asade nkhawa.

NaMaluwa
Pa dzina ndilankhule monga munthu amene ndimatsegula makalata ofunsira ntchito kuntchito kwathu. Sitimukana munthu chifukwa cha adiresi, koma ikakhala ya maina achibwana aja anthu amadzipatsa ali kusekondale imakhala ikumulankhulira zina asanayambe kulankhula yekha. Achemwali yesani kutembenuza, dzina la bambo patsogolo lanu pambuyo. Likakana ikani chilembo choyamba cha dzina lapakati. Likakanabe onjezerani nambala ziwiri zomwe simungaiwale kapena mawu afupi a ntchito yanu. Ndipo muyese izi musanavomereze, itchuleni mokweza ngati mukumuuza munthu pafoni pamalo aphokoso. Ngati mpaka mufotokoze kuti apa ndi ziro osati o, apa ndi wani osati l, imeneyo isiyeni, makalata anu azisochera. Ife zimatichitikira, munthu tamusankha kuti abwere ku intavyu, kalata n'kubwerera poti pa CV analemba adiresi yophonya chilembo chimodzi, nambala ya foni yomwe anaikanso sikupezeka, mwayi n'kupita kwa wina ndipo zimandimvetsa chisoni nthawi zonse.

Mukatsegula dzitumizireni kalata nokha kapena tumizirani mnzanu muone mmene dzina lanu likuonekera. Potumiza CV lembani mutu wa kalata, musasiye pa Subject popanda kanthu, ndipo fayilo ikhale PDF yokhala ndi dzina lanu. Gmail imalola fayilo mpaka 25 MB, ikapitirira imasanduka linki ya Drive, malo a Google osungirako mafayilo, ndipo maofesi ena satsegula ma linki.

Gologolo
Nambala yosaiwalika ndi chaka chobadwa basi. Aliyense amapanga choncho.

Kadzidzi
Aliyense amapanga choncho nchifukwa chake si nzeru. Dzina lonse kuphatikiza chaka chobadwa mwapereka kale theka la zomwe wakuba amafuna kuti adzinamize kuti ndinu. Komanso wolemba ntchito wadziwa zaka zanu asanawerenge mzere umodzi wa CV. Sankhani nambala ina yopanda tanthauzo kwa anthu ena.

Kambalame_23
Yatheka! Kutembenuza kuja ndi chilembo chapakati kwadutsa popanda nambala iliyonse. Ku Security ndaika nambala yanga, khodi yafika pafoni yanga ndalemba. Imelo yachiwiri nditsegula madzulo. Tsopano pasiwedi, ndaika yoti ndidutsire kaye koma ndikufuna yolimba. Anthu amati uzisakaniza zizindikiro zambirimbiri, nanga ukaiwala? Kulemba papepala ndi kulakwa?

MphunzitsiWakale
Si kulakwa. Wakuba wa pa intaneti ali kutali, sangatsegule kabati ya kuchipinda kwanu. Lembani mu kabuku komwe mumasunga ndi ma setifiketi, osati kuseri kwa foni, osati mu meseji yodzitumizira nokha pa WhatsApp. Pa kapangidwe kake, Google imafuna zilembo zosachepera 8 koma inu musaime pamenepo, kutalika ndi kumene kumalimbitsa kuposa zizindikiro. Tengani mawu anayi kapena asanu osagwirizana, oti palibe angawaike pamodzi, muwalumikize, muikepo nambala ndi chilembo chachikulu penapake. Mawu a chilankhulo chanu ndi abwinonso. Chopewa ndi dzina la mwana wanu, tsiku lobadwa, nambala ya foni, dzina la timu yomwe mumasapota, zonsezo munthu amaziona pa Facebook panu. Ndipo pasiwedi ya imelo ikhale ya imelo yokha, isapezekenso kwina kulikonse.

Gologolo
Zamapepala ndi zakale aphunzitsi. Foni imasunga yokha mapasiwedi, ukalowa imakufunsa kuti ndisunge, umangovomera. Pepala limanyowa, limasowa, ndipo anthu okhala nawo nyumba imodzi ndi amene amakonda kusuzumira.

Mlonda_wa_Usiku
Nonse muli ndi mbali. Chosungira mapasiwedi cha mu foni ndi chabwino kwa ma akaunti ena onse, chimakupangirani yovuta yosiyana pa webusayiti iliyonse inu osavutika kukumbukira. Koma a Gologolo taganizani, chosungira cha Google chimakhala mkati mwa akaunti ya Google yomweyo. Foni ikatayika mukufuna kulowa pa ina, pasiwedi yolowera ili mkati mwa chomwe mukufuna kutsegulacho, mutani? Nde imodzi yokhayo, ya imelo, ikhale mmutu ndi papepala, zinazo zisungidwe mu foni. Nkhani ya anthu a mnyumba ndi yoona ndipo si yoseketsa, alipo ambiri amene imelo yawo imawerengedwa ndi mwamuna kapena mkazi wawo iwo osadziwa. Ngati kwanu kuli choncho pepalalo likasungidwe kwina, ndipo nthawi ndi nthawi muzilowa pa Security pomwe palembedwa Your devices, pamaoneka mafoni ndi makompyuta onse omwe alowa mu akaunti yanu, chomwe simukuchidziwa chitulutseni n'kusintha pasiwedi.

Mwezi_Wawala
Ine ndionjezere za nambala poti nonse mukuti ikani yanu ikani yanu. Nambala si yamuyaya. Mlamu wanga anapita kunja kukagwira ntchito, simu yake yakumudzi inakhala nthawi yaitali osagwiritsidwa ntchito, kampani ya mafoni inaitseka n'kuipereka kwa munthu wina, zomwe makampani a mafoni amachita kulikonse. Iye anali atayatsa zotsimikizira kawiri (2-Step Verification), zoti polowa ulembe pasiwedi kenako khodi yobwera pafoni, polowa pa foni yatsopano pasiwedi akuidziwa bwinobwino koma khodi ikupita kwa mlendo. Anavutika kwambiri, mwayi wake laputopu yake inali ikadali yolowa nde anasinthira pamenepo. Nde ine zotsimikizira kawirizi ndimaziopa, ndimaona ngati zimatsekera mwini kuposa wakuba.

Nyenyezi_yaMmawa
Musaziope amayi, vuto linali nambala osati kutsimikizira kawiri. Popanda 2-Step Verification munthu akangodziwa pasiwedi yanu walowa basi. Mukayatsa, pomwepo pali polembedwa Backup codes, amakupatsani makhodi 10 a manambala 8 iliyonse, iliyonse imagwira kamodzi. Alembeni mu kabuku kaja anena aphunzitsi. Foni itabedwa, simu itatsekedwa, muli dziko lina, khodi imodzi mwa amenewo ikulowetsani. Palinso apu ngati Google Authenticator yomwe imatulutsa khodi yatsopano masekondi 30 aliwonse olo popanda netiweki, siidalira simu. Ndipo lamulo losavuta, tsiku lomwe mukusintha nambala, musanataye simu yakale lowani ku Security musinthe. Anthu timakumbukira kuuza abale kuti ndasintha nambala koma imelo sitiiuza.

Kadzidzi
Apa nde ndigwirizana nanu. Ndionjezere chimodzi kwa a Kambalame poti akaunti ndi yatsopano ndipo ayamba kuipereka kumalo ofunsira ntchito. Muyamba kulandira makalata onena kuti akaunti yanu itsekedwa mawa dinani apa, kapena mwasankhidwa pa ntchito tumizani ndalama ya fomu. Musadine linki n'kulemba pasiwedi pa tsamba lomwe latsegukalo, ngati mukukayika tsekani kalatayo mulowe nokha kudzera pa apu. Yang'anani adiresi yeniyeni ya wotumiza osati dzina lokha, dzina aliyense atha kulemba lomwe akufuna. Ndipo khodi yobwera pafoni panu simuuza munthu, kaya akuti ndi wa kampani, kaya akuti anatumiza molakwitsa mubwezereni. Ogwira ntchito enieni safunsa khodi.

Tsokonombwe
Komanso tsiku lina kalata yofunika mudzaipeza ku Spam, muzisuzumirako makamaka mukamadikira yankho, zakumeneko zimafufutika zokha pakatha masiku 30. Za malo, 15 GB ija mukugawana Gmail, Drive ndi Photos, ndipo kuyambira chakumayambiriro kwa 2024 bakapu ya WhatsApp pa Android imawerengedwanso momwemo. Ikadzadza makalata amasiya kulowa, wotumiza amabwezeredwa, inu osadziwa kuti mukuphonya zinthu. Makanema ndi amene amadya malo. Imelo yachiwiri ija musaiiwale mukaitsegula, Google inalengeza mu 2023 kuti akaunti yokhala zaka ziwiri osalowamo itha kufufutidwa, makampani enanso ali ndi malamulo awo otere. Muzilowamo mwa apo ndi apo.

Kamphepo_kayaziyazi
Pepani ndalowerera mochedwa, ndawerenga zonse. Funso langa ndi losiyana pang'ono. Bambo anga ndi achikulire, maso akuvuta, ndawapezera foni ndipo ndikufuna kuwatsegulira imelo. Mwanena kuti munthu azitsegula yekha ndipo nambala ikhale yake, koma iwo khodi ikabwera sangathe kuiwerenga msanga, pasiwedi sangaikumbukire. Ndiike nambala yanga?

Gologolo
Ikani yanu, ndinu mwana wawo, simuthawa.

NaMaluwa
Sathawa koma moyo umasintha, atha kusamukira kutali, kusintha nambala, kudwala. Bambowo asakhale opanda njira chifukwa mwana mmodzi sakupezeka.

MphunzitsiWakale
Kuthandiza kholo si kulakwa, nafenso tikupita komweko. Tsegulani muli nawo pamodzi, dzina ndi tsiku lobadwa zikhale zawo zenizeni. Pa Recovery phone ikani nambala yawo ya simu yomwe ili mu foni yawoyo, pa Recovery email ikani imelo yanu, potero njira zikhala ziwiri, ina kwa iwo ina kwa inu. Adiresi, pasiwedi ndi makhodi 10 aja lembani ndi zilembo zikuluzikulu mu kabuku kawo, kakhale kwa iwo, ndipo m'bale wanu mmodzi adziwe pomwe kali. Auzeni momveka kuti inu mutha kulowa mu akaunti yawo ndipo avomere okha, poti makalata a kuchipatala kapena a penshoni ndi zinsinsi zawo. Za maso, ku Settings pa Display kuli pokulitsira zilembo, kokerani mpaka kumapeto, meseji ya khodi aziiona bwino. Ndipo muziwakumbutsa kuimbako foni ndi simu imeneyo kuti isatsekedwe.